M'mera Mpoyamba: Za Khanda Lobadwa Masiku Asanakwane

Mwambi wakuti m'mera mpoyamba ndi wodziwika kwa aliyense amene anagwirapo khasu. Alimi amaunena pokumbutsana kuti mbewu ikafooka masiku oyambirira, ngakhale mvula idzagwe bwino chotani pambuyo pake, nkhokwe sidzadza. Anamkungwi nawo amaunena polangiza makolo kuti khalidwe la mwana limaumbidwa akadali wamng'ono. Koma lilipo tsiku lina limene mwambi umenewu unatsala pang'ono kukanganitsa amayi awiri, wina wachikulire wina wachitsikana, ataima wina uku wina uko pambali pa kabedi ka khanda m'chipatala. Onse awiri ankafunira khandalo moyo, ndipo onse awiri ankakhulupirira mwambi womwewo.

Nkhaniyi inayambira m'mudzi wina wa kufupi ndi phiri la Dedza, m'mwezi wa June, nyengo imene chisanu chimalowa mpaka m'mafupa. Mtsikana wina amene anali ndi pathupi poyamba anadzidzimuka usiku matenda atamuyamba, mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha. Abale anathamangira naye ku chipatala chaching'ono, ndipo kumeneko anamutumiza msanga ku chipatala chachikulu, kumene anachira kunja kukucha. Mwanayo anali wamwamuna. Atamuika pa sikelo anapezeka kuti akulemera kilogalamu imodzi ndi magalamu 400, osafika n'komwe paketi imodzi ndi theka ya shuga. Dotolo anati mwanayo wabadwa pa masabata 31. Pajatu mwana amayenera kukhala m'mimba masabata pafupifupi 40, ndipo aliyense wobadwa masabata 37 asanakwane amawerengedwa kuti ndi wosakwana masiku.

Ana otere si achilendo m'Malawi. Lipoti lotchedwa Born Too Soon, limene linatuluka m'chaka cha 2012, linaonetsa kuti m'chaka cha 2010 ana 18 mwa ana 100 alionse obadwa m'dziko muno anali osakwana masiku, ndipo panthawiyo panalibe dziko lina loposa pamenepo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengeranso kuti m'chaka cha 2020 ana otere anabadwa pafupifupi 13.4 miliyoni padziko lonse lapansi. Choncho ndi mabanja ochepa amene anganene kuti nkhani yotere siingawafikire.

Amene anapita kukadikirira wodwalayo anali amayi ake omubala, monga mwa mwambo wa Achewa, pakuti mwana wobadwayo ndi wa mbumba yawo. Agogo amenewa sanali munthu wamba pa nkhani za uchembere. Anali namkungwi wa m'mudzimo, ndipo boma lisanaletse azamba kubereketsa m'midzi m'chaka cha 2007, manja awo analandira ana ambiri. Komabe mumtima mwawo munali chilonda chimene sankachitchula. Mwana wawo woyamba nayenso anabadwa masiku asanakwane. Anamukulunga m'nsanza, namusunga pafupi ndi moto, koma anangokhala masiku awiri. Monga mwa mwambo, khanda lomwalira lisanatuluke m'chikuta limaikidwa ndi amayi okhaokha, m'dzenje losaya, popanda kulira mokweza, ndiponso lopanda dzina. Amayi achikulire anawauza kuti aiwale, adzabereka wina. Ana ena anaberekadi, koma kuiwala sanaiwale.

Tsiku lachiwiri anawalola kulowa m'chipinda cha makanda odwala. Anavula nsapato, nasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono. M'chipindamo munali mofunda ngati mwezi wa October, ndipo makina ankalira uku ndi uku. Mdzukulu wawo anali pa kabedi kamene pamwamba pake panali chotenthetsera. M'mphuno mwake munali timapaipi tochokera ku makina omuthandiza kupuma, kapaipi kena kopita m'mimba kodyetsera mkaka, ndipo kuphazi anamumanga kachingwe kowala mofiira koyezera mpweya m'magazi. Zonsezi agogowo anazipirira. Chimene chinawasautsa chinali kagonedwe ka mwanayo. Anamugoneka cham'mbali, atapinda miyendo mpaka mawondo kuyandikira mimba, msana utakhota pang'ono, timanja tili pafupi ndi kamwa, ndipo anamuzunguliza ndi thaulo lopindidwa ngati mpanda.

Kumudzi, khanda likasambitsidwa, amayi achikulire amalipaka mafuta, kulitambasula manja ndi miyendo, ndi kuliumba mutu ndi kansalu konyika m'madzi ofunda. Agogowo anachita zimenezi kwa ana osawerengeka. Tsono poona mdzukulu wawo atakhwinyata chomwecho, anaganiza kuti anamwino atanganidwa ndipo amuiwala. Anatambasula dzanja, nagwira kamwendo kuti akawongole.

"Agogo, pepani, musamuwongole," anatero namwino amene anali pafupi.

"Mwana wanga, ine ndalandira ana ambiri inu musanabadwe," anayankha agogowo. "M'mera mpoyamba. Mwana akapanda kuwongoledwa lero, mawa adzayenda ndi matewe. Nanga mpanda mwamumangirawu ngwa chiyani? Kodi athawa?"

Namwinoyo sanapse mtima. Anawakokera mpando, iye nanjuta pambali pawo monga achitira mwana wolangizidwa bwino. "Mwanena zoona, agogo, m'mera mpoyamba. Ife tikuopa zomwe mukuopazo. Koma tandiuzeni, mwana akakhala m'mimba miyezi iwiri yomaliza, amakhala atatambasuka kapena atapindika?"

Agogowo anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Amakhala atapindika. Malo amakhala atachepa."

Pamenepo namwino anafotokoza mwatsatanetsatane. Miyezi yomaliza ija, mwana akamakankha ndi mapazi, chiberekero chimamubweza, iye nakankhanso. Kulimbana kumeneko ndiko kumalimbitsa minofu yopinda manja, miyendo ndi msana, n'chifukwa chake mwana wokwana masiku amabadwa atafumbata manja, ndipo ukamuwongola mwendo umabwerera wokha. Wosakwana masiku amatuluka asanaphunzire zimenezo. Ukamugoneka chagada pa malo athyathyathya n'kumusiya, thupi lake limangophwasuka: miyendo imagwera kunja, mapewa amabwerera m'mbuyo, mutu umagwera mbali imodzi. Popeza mafupa a mutu wake ndi ofewa kwambiri, akagonera mbali imodzi masiku ambiri mutuwo umaphwatalala m'mbali n'kutalika. Minofu ikazolowera kukhala motero, pambuyo pake mwana amavutika kubweretsa manja pamodzi, kuika chala m'kamwa, kudzigudubuza ndi kukwawa.

Panalinso zifukwa zina za tsiku lomwelo. Mwana wophwasuka amataya kutentha msanga, chifukwa thupi lonse lili pamtetete, ndipo wosakwana masiku alibe mafuta okwanira pansi pa khungu. Thupi lake liyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5, ndipo likazizira amawononga mphamvu imene akanakulira nayo. Akadzidzimuka ndi phokoso amaponya manja ndi miyendo m'mwamba kufunafuna pogwira, ndipo akapanda kupeza kanthu amapitiriza kuphupha mpaka kutopa, mpweya n'kutsika m'magazi. Koma phazi likakhudza mpanda uja amadekha, pakuti wapeza chimene anachizolowera m'mimba. "Ife timati chisa," anatero namwinoyo. "Tikumubwezera miyezi iwiri imene waiphonya."

Nzeru imeneyi siinayambe kalekale ngakhale m'zipatala za maiko olemera. Kwa zaka zambiri makanda otere ankangogonekedwa chagada, ali maliseche, pansi pa magetsi owala usana ndi usiku, kuti madotolo aziwaona bwino. M'zaka za m'ma 1980, katswiri wina wa kakulidwe ka ana, mayi Heidelise Als, amene ankagwira ntchito mumzinda wa Boston ku America, anaphunzitsa anthu kuti khanda losakwana masiku limalankhula ndi thupi lake. Likatambasula zala, kuyasamula pafupipafupi, kugwidwa ntchirikitchiri wa miyendo kapena kusintha mtundu wa khungu, likunena kuti latopa. Likafumbata chala cha munthu, kuyamwa dzanja lake ndi kupuma mwakachetechete, likunena kuti lili pamtendere. Kuchokera pa maphunziro otere, zipatala zinayamba kuchepetsa kuwala ndi phokoso, ndi kugoneka makanda m'zisa.

Agogo aja anayang'anitsitsa thaulo lija, nalikhudza ndi chala. Kenaka anaseka pang'ono, koyamba chifikireni m'chipatalamo. "Iyi si nkhata iyi? Chipindireni nkhata ndili kamtsikana, lero mundiphunzitse inu?" Anavula chitenje cha m'mapewa, nachipotokola kawiri katatu. Namwino anawauza kuti chiyambe chachapidwa ndi kusitidwa, ndipo m'mawa mwake mwanayo anagona m'nkhata ya agogo ake, yofika m'mapazi, yokwera mpaka kumbuyo kwa mapewa, yoyalidwa kansalu kofewa pamwamba.

Masiku otsatira agogowo anaphunzira zambiri, pakuti safunsa anadya phula. Anaona kuti anamwino amatembenuza mwana pakapita maola atatu kapena kuyandikira apo, nthawi yomweyo imene akumudyetsa ndi kumusintha thewera, kuti nthawi yotsalayo agone osasokonezedwa. Amamugoneka mbali ya kumanja, kenaka ya kumanzere, nthawi zina chagada, nthawi zina chafufumimba. Kugona chafufumimba kumathandiza mwana wovutika kupuma, koma namwino anachenjeza kuti zimenezo n'zololedwa m'chipindamo mokha, momwe muli makina ndi maso a anamwino usana ndi usiku. Anaphunzira kuti khosi siliyenera kupindikira kutsogolo kwambiri kapena kugwera kumbuyo, chifukwa njira ya mpweya ya khanda lotere ndi yopapatiza ngati phesi la udzu. Anamvanso kuti kwa ana aang'ono kwambiri, masiku atatu oyambirira anamwino amayesetsa kuti mutu ukhale molunjika ndi thupi, osaupotoza, poopa kuti timitsempha ta magazi ta mu ubongo n'tosalimba.

Chimene chinawavuta kuposa zonse chinali kagwiridwe. Dzanja la agogo linazolowera kusisita ndi kugwedeza mwana. Namwino anawaonetsa kuti khungu la khanda ili silipirira kusisitidwa. Anawagwira dzanja limodzi naliika pamutu pa mwanayo, lina kumapazi opindidwa aja, nati angokhala choncho osasuntha. Agogowo anaima nthawi yaitali, msana ukuwawa, mpaka anaona kuti timanja tija taleka kuphupha ndipo mwana wagona. Potuluka anauza mwana wawo kuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, lero ndaona ndekha."

Mwanayo atayamba kupuma payekha, anawasamutsira m'chipinda cha kangaru. Kangaru ndi nyama ya ku Australia imene mwana wake amabadwa ali wochepa ngati nyemba, nakwawira m'thumba la pamimba pa make, mmene amayamwa ndi kufunda kwa miyezi ingapo. Njira yosamalira makanda yotchedwa ndi dzina la nyamayi inayambira mumzinda wa Bogotá m'dziko la Colombia m'chaka cha 1978. Dotolo wina dzina lake Edgar Rey Sanabria, poona kuti makina ofunditsira makanda ndi ochepa ndipo ana akugonekedwa angapo m'makina amodzi n'kumapatsirana matenda, anaganiza zowaika pachifuwa pa amayi awo. Mnzake Héctor Martínez anapitiriza naye ntchitoyo. M'Malawi njirayi inayamba pa chipatala chachikulu cha Zomba m'chaka cha 1999. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

M'chaka cha 2021 munatuluka zotsatira za kafukufuku amene anachitika m'maiko a Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, ndipo kuno anachitikira pa chipatala cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre. Kafukufukuyo anali wa makanda olemera kuyambira kilogalamu imodzi koma osafika magalamu 1,800. Anapeza kuti mwa amene anaikidwa pachifuwa atangobadwa, osadikira kuti ayambe alimba, imfa za m'masiku 28 oyambirira zinachepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Motero m'mwezi wa November 2022 bungwe la WHO linalangiza kuti kangaru aziyamba msanga mwana akangobadwa, ndipo azichitika maola ochuluka monga kungathekere, osachepera asanu ndi atatu pa tsiku.

Apanso kakhalidwe ka thupi la mwana ndiye mwini nkhani. Mwana amavala thewera, chipewa ndi masokosi basi. Amamuika choimirira pakati pa mabere, khungu lake kukhudza khungu la make, mutu utatembenukira mbali imodzi ndi kudzuka pang'ono kuti apume bwino, mawondo ndi zigongono zitapindika. Chitenje chimadutsa m'munsi mwa khutu la mwana, n'kumangidwa zolimba kumbuyo kwa make, koma osafinya kamimba. Mayi akafuna kugona amatsamira mitsamiro, osagona thasa. Mkaka amaufinyira m'kapu n'kumamwetsa mwana pang'onopang'ono, pakuti luso loyamwa, kumeza ndi kupuma nthawi imodzi limabwera mwana akafika masabata 32 mpaka 34. Agogowo anangoti, "Mbereko yomwe ija, koma yabwera kutsogolo."

Mayeso enieni anadza sabata yachitatu. Mayi wa mwana anatentha thupi, ndipo anamugoneka m'chipinda china kuti alandire mankhwala. Agogo anavula bulauzi, namuika mdzukulu pachifuwa pawo. Anakhala naye usiku wonse ndi tsiku lotsatira, koma pofika madzulo miyendo inatupa, maso akulemera ndi tulo. Namwino anaona kuti gogoyo akhoza kugwa naye mwana. "Agogo, bambo ake a mwanayu ali panja pa chipata kuyambira dzana. Chifuwa cha bambo chimafunditsanso. Tiwaitane?"

Funso limeneli linali lolemera kuposa mmene namwinoyo ankaganizira. Pa mwambo wa Achewa khanda ndi lozizira, ndipo munthu amene wakhala malo amodzi ndi mnzake ndi wotentha. Wotentha akakhudza khanda lisanatengedwe kumphasa, akuti limadwala tsempho, ena amati mdulo: limatupa, limatsokomola, limanyentchera. N'chifukwa chake bambo salowa m'chikuta. Kuwonjezera apo, mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapewana. Sadyera pamodzi, sayang'anana m'maso, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatuka. Agogowo ndiwo ankaphunzitsa anamwali malamulo amenewa. Akalola, akanena chiyani kumudzi? Akakana, ndani afunditse mwana usiku umenewo, makina onse ali ndi ana ena odwalitsa?

Anapempha kuti akaone mwana wawo wodwalayo, khanda lili pachifuwa. Atafika anamunong'oneza kuti, "Iwe, amuna akowa ukuwadziwa ndiwe. Adzisunga?" Mtsikanayo anayankha kuti, "Amayi, chibwerereni kuno akugona pakhonde la chipatala. Akapita kuti?" Agogowo anaweramitsa mutu. Anakumbukira kadzenje kosaya kaja ndi amayi aja akubwerera kumudzi ali duu. Anaganiziranso chimene lamulo la tsempho linaikidwira: kuti bambo asayendeyende mkazi wake ali m'chikuta, ndi kuti khanda lisagwidwegwidwe ndi aliyense wodutsa. Bambo amene wagona pa simenti masiku onsewo chifukwa cha mwana wake, lamulolo walisunga kale.

Mkamwini analowa atasamba m'manja, maso ali pansi. Anavula malaya manja akunjenjemera. Namwino anamuika mwana pachifuwa, nakonza kamutu ndi timiyendo. Kunatsala kumanga chitenje kumbuyo, ndipo namwinoyo anaitanidwa mwadzidzidzi ku bedi lina. Agogowo anaima kanthawi. Kenaka anazungulira kumbuyo kwa mkamwini wawo, nagwira nsonga ziwiri za chitenje, namanga mfundo. Polankhula anayang'ana kukhoma, monga mwa ulemu wake. "Bambo, musawerame. Tsamirani kumbuyo. Dzanja likhale pansi pa matako a mwana." Iye anayankha motsitsa mawu kuti, "Ndamva, amayi." Kuyambira tsikulo anagawana maola atatuatatu mpaka mayi wa mwana atachira. Mutu umodzi susenza denga.

Anatuluka m'chipatala patatha mwezi ndi masiku angapo, mwana akulemera magalamu 1,800 ndipo akuyamwa yekha. Namwino anawalangiza kuti apitirize kangaru kunyumba usana ndi usiku, azibwera naye ku sikelo pa masiku amene anawalembera, ndipo athamangire ku chipatala akaona kuti mwana wazizira kapena watentha, akukana kuyamwa, akupuma mobanika, kapena khungu lasanduka lachikasu. Anawauza kuti mwana akadzafika makilogalamu awiri ndi theka adzayamba yekha kukana chitenje, kutulutsa manja ndi kulira. Ndipo anatembenukira kwa agogo nati, "Nkhata ija itsale konkuno. Kunyumba mukamugoneka pansi, agone chagada, pa malo olimba, popanda mtsamiro kapena nsalu zowunjikana pafupi ndi nkhope. Kumudzi kulibe makina okuuzani kuti mwana wabanika." Agogowo anavomera, ngakhale kuti nkhatayo anali ataikonda.

Mchombo wa mwanayo unagwera m'chipatala momwemo, ndipo agogo anaumanga pa nsonga ya chitenje mpaka kukafika nawo kumudzi, kumene anakausamala monga mwa mwambo. Anthu ena ankaseka poona mtsikana akuyenda atabereka kutsogolo, namufunsa chimene wabisa m'malayamo. Ena ananong'onezana za mkamwini amene anagwira khanda la m'chikuta, nadikira kuti aone tsempho. Agogowo sanatsutsane ndi munthu. Anameta mwanayo tsitsi, anamutcha dzina, ndipo mvula yoyamba isanagwe anali akumubereka kumbuyo ngati ana ena onse.

Amene analimapo fodya amadziwa kuti mbewu yake ndi yaing'ono ngati fumbi. Mlimi akaifesa pa nazale amaphimbapo udzu, amathirira m'mawa ndi madzulo, ndipo udzuwo amauchotsa pang'onopang'ono mbande zikamalimba. Sakoka mmera kuti utalike msanga. Agogo aja anali ndi chifukwa chonenera kuti m'mera mpoyamba, ndipo namwino nayenso anali nacho. Anasiyana pa chimodzi chokha, chakuti mmera wina umafuna kuwongoledwa pamene wina umafuna kuphimbidwa kufikira nthawi yake itakwana.

Masiku ano mtsikana wa m'mudzimo akakhala ndi pathupi poyamba, amayi akasonkhana kumulangiza pa chisamba, agogo aja amawonjezera mawu amene iwo sanauzidwe pa utsikana wawo. Amamuuza kuti matenda akayamba miyezi isanakwane asabise, athamangire ku chipatala usiku womwewo, ndipo pa ulendowo khanda likabadwira panjira alipukute, aliveke chipewa, aliike pachifuwa. Kenaka amatenga chitenje n'kumuonetsa pamene chimadutsa, m'munsi mwa khutu la mwana, ndi mmene mfundo yake imamangidwira kumbuyo.